Kalata kwa mwana wanga wa ku Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu. Kuno tilipo, kupatula mawondo a bambo ako amene amavuta kukazizira.

Utabwera pa Khirisimasi, anthu anakuyamikira kuti wanenepa ndiye kuti zikukuyendera, koma ine mtima sunakhale m'malo. Ndinakuona ukuwaza mchere m'ndiwo usanalawe n'komwe, ndipo pochokera kudimba unkapuma wefuwefu panjira imene kale unkakwera utanyamula zidebe ziwiri. Madzulo aliwonse unkabwerera kunyumba utaledzera. Sindinafune kulankhula pamaso pa ana ako, n'chifukwa chake ndalemba.

Ukudziwa mmene malume ako alili. Ankati munthu wogwira ntchito sangadye masamba ngati mbuzi, choncho tsiku lililonse inali kanyenya, tchipisi cha pachiwaya ndi mowa. Kuthamanga kwa magazi kunawadya mwakachetechete, popeza nthendayi nthawi zambiri sipweteka, mpaka m'mawa wina anagwa pakhonde n'kufa ziwalo mbali imodzi. Lero ndine ndimawamwetsa phala ndi sipuni, lina n'kumatayikira pachifuwa, iwo misozi ili m'maso chifukwa pakamwa pakulephera kutchula dzina langa.

Sindikuti uzidzimana, ayi, koma uzidya ndi muyezo. A zaumoyo amati mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi ndi m'zakudya zogula. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga woposa masipuni aang'ono 6, ndipo kumwa zoterezi tsiku ndi tsiku kumaitana matenda a shuga. Chepetsa mitanda ya nsima, ufa ukhale wamgaiwa, ndipo nyemba, usipa, bonongwe ndi nkhwani wotendera zisakuchititse manyazi chifukwa uli m'tauni. Za mowa ndikadakonda utausiyiratu, pakuti umawononga chiwindi ndiponso umakweza magazi, koma ngati sungathe lero, usamamwe tsiku lililonse kapena kufikira kuledzera.

Sabata ino upite kuchipatala akakuyeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Akapeza kuti kuthamanga kwa magazi kwafika 140 pa 90 kapena kuposa, umvere zimene adokotala akuuze. Ukatuluka undiimbire foni, undiuze manambalawo. Ufa wamgaiwa ndi nsinjiro ndipatsira mlongo wako Loweruka.

Ndine mayi ako.