Odita wanjala sawerenga bwino matumba

A Mkonzi,

Ndili m'chaka chachiwiri chophunzira ntchito ya odita, yofufuza mabuku a ndalama a makampani, pa kampani ina ya zowerengera ndalama muno mu Blantyre. Mayi anga ku Chiradzulu amauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo amagwira mbava m'maofesi, ndipo ndinatopa n'kuwakonza. Anzanga omwe tinali nawo ku Poly, yomwe pano ikutchedwa MUBAS, akaona tayi ndi chikwama cha laputopu amangoti zako zinayera. Ndiloleni ndifotokoze zomwe zili kuseri kwa tayiyo.

Pa 31 Disembala, anthu ali kalikiliki kugula nkhuku za chaka chatsopano, ine ndinali m'nyumba yosungiramo katundu ku Makata ndi pepala, cholembera ndi choko. Makampani ambiri amatseka mabuku tsiku limeneli, ndiye sitoko imayenera kuwerengedwa odita akuona. Mabwana sapita kumeneko. Amatuma ife ana. Siniya wanga, yemwe amandiyang'anira pa ntchito, anandiphunzitsa kuwerenga mbali ziwiri. Umatenga katundu wolembedwa pa pepala n'kukamufuna pansi, kuti ugwire yemwe anangolembedwa koma kulibe. Ukatero umatenga yemwe ali pansi n'kukamufuna pa pepala, kuti ugwire yemwe sanalowe m'mabuku. Anandichenjezanso kuti ndisachoke ndisanalembe nambala ya pepala lomaliza lolandirira katundu ndi lomaliza lotulutsira, kuopa kuti malonda a Januwale angazembetsedwe kulowa m'chaka chomwe chatha.

Panali mulu wa matumba a ufa wa tirigu wofika pafupi ndi denga. Nditawerenga m'litali, m'lifupi ndi kukwera kwake n'kuchulukitsa, nambala inagwirizana ndendende ndi ya pa pepala. Ndinapemphabe makwerero. Mkulu woyang'anira sitoko, bambo a msinkhu wa amalume anga, anaseka. "Mwana wanga, mukwera bwanji ndi nsapato za muofesizo? Tiyeni tikadye kaye, nsima ikuzizira." Ndinavula jekete n'kukwera. Pakati pa mulu panali dzenje. Matumba 36 munalibe.

Madzulo bambo aja anandiperekeza mpaka pageti, akundifunsa za kumudzi, ndipo potsanzikana anandigwira chanza muli envulopu. Akuti ya thiransipoti. Sindinalandire. Koma chomwe chandilembetsa kalatayi, a Mkonzi, n'chakuti dzanja langa linachedwa kubwerera. M'thumba ndinali ndi ya minibasi imodzi yokha, ndipo mu Januwale ndinkayenera kulipira mayeso a Malichi.

Ine ndikulemba ACCA, mayeso a ukatswiri wa zowerengera ndalama. Mapepala ake onse ndi 13, ngakhale ena amakuchotsera ukabwera ndi digiri ya akawunti, ndipo ukakhoza onse amafunabe miyezi 36 yogwira ntchito, yomwe wokuyang'anira ayenera kusayinira. Ndalama za mayeso zimalipiridwa m'mapaundi chifukwa likulu lake lili ku UK. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa pepala lililonse unalumpha usiku umodzi, pomwe kandalama ka ophunzira ntchito sikanalumphe nawo. Ndiye uli nazo ndalamazo, uyambenso kudikira kuti kubanki kupezeke ndalama zakunja, tsiku lotseka kulembetsa likuyandikira. Pepala ukalephera, umalipiranso lonse.

Nthawi yowerengera nayo ndi nkhani ina. Mayeso amalembedwa mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. A Malichi amagwa pakatikati pa nyengo yomwe ntchito imatipana, kuyambira Januwale mpaka Epulo, pomwe makasitomala onse otseka mabuku mu Disembala amafuna malipoti awo nthawi imodzi. Kuweruka 9 koloko usiku si zachilendo. Minibasi za ku Chilomoni zimakhala zitatha, umakwera kabaza wa njinga yamoto mvula ikugwa, laputopu ya kampani uli nayo pamsana muli mabuku a eni ake. Ukafika n'kupeza magetsi azima, umatsegula buku ndi tochi ya foni, tsamba limodzi, tulo.

Ndisanamizire, ntchitoyi imaphunzitsa. M'miyezi yochepayi ndalowa m'fakitale, m'bungwe lothandiza anthu, m'sitolo yaikulu ku Limbe, ndaonanso momwe amayezera tiyi ku Thyolo. Siniya wanga ndi wolusa, fayilo yanga yoyamba inabwerera ili ndi mafunso oposa masamba omwe ndinalemba, koma iyeyo ndiye anandichotsa maganizo a mayi anga aja. Odita si wapolisi. Sawerenga risiti iliyonse, amasankhapo zochepa mwadongosolo, ndipo chomwe amanena pamapeto n'chakuti mabuku akupereka chithunzi choona kapena ayi. Ntchito yanga yambiri n'kuyika mapepala atatu pamodzi: oda yogulira katundu, pepala losonyeza kuti katundu anafika, ndi invoisi. Tsiku lonse. Imagwetsa ulesi, inde. Koma kumbukirani Cashgate ya 2013, pomwe boma linkalipira makampani omwe sanabweretse kanthu, ndipo kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Malipiro opanda katundu amagwidwa ndi munthu amene wafunsa kuti pepala lachiwirilo lili kuti. Pa gulu la maodita, wofunsa zimenezi ndi wamng'ono kuposa onse. Bwana amene amasayina lipoti amadalira maso a mwana amene anakwera pa matumba.

M'mabuku a mayeso amatiphunzitsa kwambiri kuti odita akhale woima payekha, asalandire mphatso, asakhale pachibale ndi kasitomala. Timaloweza n'kukhoza. Koma palibe tsamba lomwe limafotokoza zoti uchite kasitomala akamakudyetsa nkhomaliro milungu itatu chifukwa iweyo ulibe yogulira chipisi, kenako n'kupeza cholakwika m'mabuku a munthu yemweyo amene amakuitanira mbale. Kwathu kuno wokudyetsa sumutukula chala. Manyazi omwewo ndi okwanira kuti funso limodzi lisafunsidwe, popanda ngakhale envulopu.

Ndikudziwa zomwe mabwana ayankhe, chifukwa ndazimva kangapo: "Ifenso tinadutsa momwemo." Ena amati makasitomala amanenerera mtengo wa odit ngati tomato wa mumsika wa Limbe, ndiye ndalama yokweza malipiro ichokera kuti. Zachiwirizo ndikuzimvetsa. Zoyambazo ayi. Anadutsamo paundi ili pa mtengo wina, ndipo kudutsa m'minga sikupereka chilolezo chobzala ina.

Pempho langa likupita ku ICAM, bungwe la akatswiri a zowerengera ndalama lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, komanso ku Malawi Accountants Board, bungwe loyang'anira ntchito imeneyi m'dziko muno. Kampani iliyonse yolemba ophunzira ntchito izilemba poyera, munthu asanasayine, masiku opuma okawerengera mayeso, gawo la ndalama za mayeso lomwe ilipire, ndi momwe munthu abwererere kunyumba akaweruka usiku. Izi zikhale ndi mlingo wochepetsetsa umene kampani singatsike pansi pake, ndipo pakhale wofunsa ophunzirawo paokha, bwana palibe. Chimodzi chomwe sichifuna ndalama n'komwe ndi siginecha. Mnzanga wina anamaliza miyezi yake kalekale koma mafomu ake akugona pa desiki ya manijala, chifukwa akangosayiniridwa ayamba kufunsira ntchito kwina. Munthu sungamusunge pomubisira cholembera. Ndipo wophunzira akamapita kwa kasitomala, azinyamula ya nkhomaliro yochokera ku ofesi kwake.

Za matumba aja, ndinazilemba momwe ndinazionera, siniya anazitengera kwa mkulu wa zachuma wa kampaniyo, ndipo anawachotsa m'mabuku. Bambo aja sindinawaonenso, sindinafunsenso za iwo. Tsiku la envulopu lija minibasi inanditsitsa m'tauni, ndipo kuchokera pa Victoria Avenue mpaka ku Chilomoni ndinayenda wapansi, buluku lili loyera ndi ufa.

Wophunzira ntchito ya odita,
Chilomoni, Blantyre