Kalata kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Chigawo cha Kum'mawa

Bwana,

Ndine mphunzitsi wa Chinyanja wopuma pantchito, ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata. Chandilembetsa kalatayi ndi liwu limodzi: maganizo.

Mdzukulu wanga wophunzira unamwino anabwera ndi pepala la mafunso 30 lotchedwa MCQ-30 kuti timasulire limodzi. Analikonza ndi Wells ndi Cartwright-Hatton ku Britain mu 2004, pofupikitsa lakale la mafunso 65. Pepalali silifunsa ngati munthu ali ndi nkhawa. Limafunsa zimene iye amakhulupirira za nkhawa yakeyo: kaya amaiona ngati yomupewetsa mavuto, kaya amaopa kuti idzamupengetsa, kaya amakayikira kukumbukira kwake.

Dzuwa linatilowera tili pakhonde. Mzungu amasiyanitsa kuganiza ndi kuda nkhawa, koma ife tikati "amayi ali ndi maganizo", aliyense wamva kuti mtima wawo suli m'malo. Ndiye agogo a ku Chadiza mukawafunsa ngati munthu ayenera kulamulira maganizo ake nthawi zonse, ayankha funso liti? Tinayesa "kudandaula", tinaona kuti mayi wolemekeza banja lake sangavomere pamaso pa mlendo kuti amadandaula. Nanga la kupenga lija! Mukangotchula misala, wodwala wayamba kale kuyang'ana kukhomo. Pamwamba pa izo, mayankho ali pamuyeso wa 1 mpaka 4, pomwe akuluakulu athu amangoti "eya" kwa wovala yunifolomu, mwaulemu chabe.

Pempho langa ndi ili, Bwana. Pepala lotere lisalowe m'zipatala zathu litangomasuliridwa patebulo. Wina amasulire, wina amene sanalione la Chingerezi alibwezere ku Chingereziko, tione pamene tanthauzo lathawa. Kenako liwerengedwe mokweza kwa anthu wamba, aliyense afotokoze m'mawu ake zimene wamva. Anthu omwewo afunsidwenso patapita masabata angapo, ndipo zotuluka zifaniziridwe ndi zimene dokotala wapeza atamuona wodwalayo. Musaiwale kuti Chinyanja cha pa Kapata si cha aliyense: ku Petauke kuli Chinsenga, ku Lundazi Chitumbuka, ku Mambwe Chikunda.

Anzathu a ku Zimbabwe anayambira pakamwa pa anthu awo. Mafunso awo 14 a Chishona anawatola m'mene odwala amadzifotokozera okha, ndipo liwu lawo lakuti "kufungisisa", kuganiza mopitirira, lili momwemo. Ife lathu tili nalo kale, timalimva kumaliro ndi kuchigayo.

Lamulo la dziko lathu la Zambia la matenda a maganizo la 2019 linachotsa lakale la nthawi ya atsamunda, lija linkatchula odwala mayina onyoza. Tisawanyozenso powapatsa malikisi pa funso limene sanalimve.

Aphunzitsi opuma tilipo ambiri muno, nthawi tili nayo. Mukatiitana tibwera ndi mapensulo athu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Kapata