Tithandizeni kufolera nyumba yogona atsikana pasukulu yathu

Ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi amayi a Mother Group pasekondale yoyendera ya kwathu kuno ku Dedza, kufupi ndi malire a Mozambique, tikugwada kwa inu makolo, mafumu, amipingo ndi amizikiti, komanso ana athu amene muli ku tauni ndi ku Joni.

Atsikana athu akutha. Ambiri amachokera kutali, ndiye makolo amawachitira lendi timanyumba pamsika. Kumeneko mwana wa Fomu 2 amagona yekha, ufa ukatha palibe womufunsa. Akajomba sabata ziwiri, wina wamuona kale. Ozembetsa anthu safika ndi nkhope yachilendo. Kawirikawiri amakhala mayi wodziwika, nthawi zina wachibale ndithu, wonena kuti ku Lilongwe kuli ntchito ya m'nyumba, thiransipoti alipira yekha. Mwana akafika amapezeka ali m'bala, foni amulanda, ndipo amamuuza kuti sachoka mpaka abweze ndalama ya ulendo. Zimene anaona amayi a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman, kulandidwa mapasipoti ndi kugwira ntchito osapuma, tonse tinazimva pawailesi.

Lamulo lilipo. La 2015 limati wozembetsa mwana akhoza kukhala kundende zaka 21, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma khoti limayamba ntchito mwana atapita kale. Mtsikana wogona pasukulu amaitanidwa dzina m'mawa uliwonse, akasowa matroni amadziwa tsiku lomwelo. Akadikira mpaka mayeso a MSCE, amatha kuwerenga yekha pepala la ntchito asanasaine.

Njerwa tinaumba tokha, mudzi ndi mudzi, tinawotcha, ndipo khoma lafika pamwamba pa mawindo. Tatsala ndi malata, matabwa a denga, misomali, simenti ya pansi, zitseko zokhoma bwino ndi zimbudzi. Mvula ikatipeza chonchi khomalo ligwa. Amene simungathe zimenezi, matiresi amodzi, sopo, mapadi kapena thumba la chimanga tilandira ndi manja awiri. Akalipentala ndi amisiri omanga, tipatseniko tsiku limodzi la Loweruka.

Thandizo lonse lipite kwa ahedi kapena msungichuma wa komiti, ndipo musachoke opanda lisiti. Ndalama zonse tidzaziwerenga poyera pamsonkhano wa makolo, a gulupu alipo.

Mukamva kuti wina akulonjeza mwana ntchito kutali, imbani 116, ndi yaulere, kapena kanenani kupolisi ulendowo usanachitike.