Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za amayi ndi ana

Olemekezeka a Nduna,

Ndine msungichuma wa gulu la banki mkhonde kwathu kuno, ndipo buku la ngongole limagona m'nyumba mwanga. Maina omwe amabwerezabwereza m'bukumu ndi a amayi oti banja linatha. Sakongola kuti akuze geni ayi. Amakongola kuti agule ufa, alipire lendi kapena apeze yokwerera kupita kuchipatala. Dzina langa lilimonso, chifukwa banja langa linatha mwana wachitatu ali kumsana.

Malamulo alipo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lili ndi udindo wosamalira mwana wake, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limapatsa khoti mphamvu zolamula ndalama ya chisamaliro banja likatha. Ine ndinakasuma ndipo mlandu unandikomera. Bambo wa ana analipira miyezi iwiri, kenako zii. Kuchokera apo ntchito yowasaka inagwera ine. Ulendo uliwonse unkandidyera ndalama ya minibasi, tomato n'kumaolera m'dengu, kukafika n'kumva kuti bwerani mwezi wamawa. Ulendo wachinayi sindinapitenso. Anzanga omwe amalandirako ndithu, ambiri akulandirabe yomwe inalamulidwa kalekale, chonsecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndalama ikapanda kubwera, ana sasiya kudya. Amene amasiya ndi mayi. Nsima ikachepa amagawira ana n'kunena kuti "ine ndadya kale". Amadzuka tambala woyamba kukapikula, amagona mochedwa, ndipo ngakhale atagona mutu umangowerengera za mawa. Pakapita chaka mumamumva akudandaula litsipa, mtima kugunda, chizungulire. Akakayezetsa amapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, koma mankhwala akakhala ogula amamwa sabata imodzi n'kulekeza, poti mwana akufunika makope. Ena ali pa ma ARV ndipo amawameza m'mimba mulibe kanthu. Palinso omwe umphawi umawakankhira kwa mwamuna yemwe sakumufuna, kungoti apeze ya sopo, n'kubwerako ndi matenda kapena mimba ina. Sindikuwaweruza, a Nduna. Ndinafikapo pafupi.

Za maganizo ndiye sitizitchula n'komwe. Timangoti "uje akuganiza kwambiri masiku ano", pomwe munthu wasiya kusamba, sakuyankhula, akungokalipira ana popanda chifukwa. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu tinazimva, koma mayi wopanda womusiyira ana akafikako bwanji? Komanso amaopa kuti anthu amunena kuti wapenga, akuchimuna n'kupezerapo chifukwa chomulanda ana.

Kwathu n'kwa chikamwini. Banja likatha mwamuna amanyamula chikwama chake, anthu n'kumati ana ndi a kuchikazi. Kale mawuwa anali ndi mphamvu chifukwa mwinimbumba anali ndi munda ndi nkhokwe. Lero malumeyo nayenso ali ku Joni kapena akuvutika ndi ana ake, ndipo ankhoswe ukwati ukatha amasamba m'manja. Mtukula Pakhomo, chiyambire ku Mchinji mu 2006, wathandiza maanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mayi wa ana awiri kapena atatu kawirikawiri amawerengedwa kuti mphamvu ali nazo. N'zoona ali nazo, koma ndi zomwezo zikutha tikuona.

Pempho langa lalikulu ndi ili: khoti likalamula, wolondola ndalamayo asakhalenso mayi. Kambiranani ndi a makhoti kuti bambo wapantchito azidulidwa pamalipiro abwana ake asanamupatse, ndalamayo izilowa pafoni ya mayi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money. Wodzilemba yekha ntchito azilondoledwa ndi alangizi osamalira anthu a m'boma lililonse, ndipo alangiziwo muwapatse mafuta oyendera. Ndalama yolamulidwayo iziunikidwanso zinthu zikakwera mtengo, mayi asanachite kukasumanso.

Chachiwiri ndi cha anzanu a zaumoyo. Mayi aliyense wa mwana wamng'ono amapita kusikelo, ngakhale wosauka chotani. Mwana amakwezedwa, amalembedwa m'buku, mayi n'kubwerera osafunsidwa kanthu. Alangizi a zaumoyo atamuyeza mayiyo kuthamanga kwa magazi pompo, n'kumufunsa ngati akugona tulo komanso ngati ali ndi womuthandiza, ambiri akanapezeka asanagwe.

Mwezi watha mnzathu wina anakomoka pamsika ali pabenchi lake. Mwana wake wamkulu, mtsikana wa Sitandade 7, ndi amene akumugulitsira masamba mpaka pano, ndipo kusukulu sanabwerere. Pepala la khoti la mayiyo ndinaliona ndi maso anga, analipinda bwinobwino m'buku la kuchipatala.

Ndine wanu,
Mayi wa ana atatu, msungichuma wa banki mkhonde