Lipoti la nthumwi yanu: amayi a ku Palestine otsekeredwa popanda mlandu

Amayi apampando, amayi a komiti, ndi inu nonse amene timayendera limodzi akaidi m'ndende,

Munandituma ku msonkhano wa masiku atatu umene unachitikira ku Johannesburg, wokamba za amayi amene ali m'ndende m'maiko osiyanasiyana, ndipo ndabwera kudzatula zimene ndinamva ndi kuona. Nkhani zinalipo zambiri, koma tsiku lachiwiri lonse linathera pa amayi a ku Palestine amene boma la Israel limawasunga popanda kuwaimba mlandu, ndipo lipoti lino ndalilemba pa za tsiku limenelo, popeza ndi pamene pali zofunika kuti inu mugamulepo.

Amene anatitsegulira nkhaniyi anali mayi wina, loya, amene wakhala akuimira akaidi m'makhoti a asilikali ku West Bank, dera la Apalestina. Iye anafotokoza kuti dera limeneli lakhala m'manja mwa asilikali a Israel kuyambira mu 1967, ndipo Mpalestina wa kumeneko akamangidwa amaweruzidwa ndi malamulo a asilikali. Limodzi mwa malamulowo, la nambala 1651, limapatsa mkulu wa asilikali mphamvu yotsekera munthu kwa miyezi yofika 6 pongonena kuti munthuyo akhoza kudzasokoneza chitetezo m'tsogolo. Sipafunika kuti akhale atalakwa kanthu. Miyezi ija ikatha, mkuluyo akhoza kusaina chikalata china, kenako chinanso, ndipo lamulo silinaike malire a kuwonjezerako. N'zoona kuti munthuyo amakaonekera pamaso pa woweruza, koma woweruzayo ndi msilikali, ndipo umboni umakhala m'fayilo yachinsinsi imene mkaidi ndi loya wake saloledwa kuiona. Loyayo anati ntchito yake pa milandu yotere ndi yoyankha mafunso amene sanawamve. Kawirikawiri woweruza amangovomereza chikalatacho, kapena amachotsako pang'ono nthawi. Eni ake, m'Chiarabu, amati i'tiqal idari, kutanthauza kumangidwa ndi chikalata cha mu ofesi.

Amayi anzanga, apa ndi pamene mtima wanga unaima, ndipo ndikupempha kuti nanunso muimepo. Inu mukudziwa chimene mayi wogamulidwa amayamba kutiuza tikangokhala naye pansi: amati ndatsala ndi miyezi yakuti. Amawerenga masiku, ana ake kumudzi amawerenganso, ndipo kuwerengako ndi kumene kumamudzutsa m'mawa. Wa limandi amavutika koposa, pakuti tsiku lake salidziwa, komabe ali ndi mlandu wodziwika dzina, ali ndi fayilo imene tingakaifunse ku khoti, ndipo akhoza kupempha belo. Mayi wa ku Palestine wotsekeredwa mwa njira iyi alibe chilichonse mwa zimenezi. Ali ndi tsiku lolembedwa pa pepala, koma sangalikhulupirire, chifukwa chikalata chatsopano chimatha kufika kutangotsala masiku ochepa, ngakhale pa tsiku lenilenilo, iye atatsanzika kale anzake, abale ake atakonza kale za kumulandira. Tinauzidwa kuti amayi ena amaletsa ana awo kuuzidwa tsikulo, kuopa kuwasweka mtima kawiri.

Mchitidwewu sunayambe lero. Muzu wake uli m'malamulo a nthawi ya chipwirikiti amene Angerezi anakhazikitsa ku Palestine mu 1945, pamene ankalamulira dzikolo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira kuti Angerezi omwewo, atalengeza za chipwirikiti kuno pa 3 Malichi 1959, anatsekera makolo athu ku Kanjedza ndi kwina popanda mlandu, ndipo titalandira ufulu boma la chipani chimodzi linapitiriza khalidweli ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Ena mwa inu munaphika chakudya chopita ku malo amenewo osadziwa ngati chikafika. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lathu amati munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo sindinapite ku msonkhanowu ngati mlendo pa nkhaniyi.

Za chiwerengero, tinamva kuti nkhondo ya ku Gaza ya mu Okutobala 2023 isanayambe anthu otsekeredwa mwa njira iyi analipo pafupifupi 1,300, ndipo m'chaka cha 2024 anapitirira 3,000, malinga ndi bungwe la ku Israel lomwelo la HaMoked, limene limatenga ziwerengerozi ku nthambi ya ndende. Ambiri ndi amuna, amayi ndi ochepa, koma pakati pawo pali ophunzira a kuyunivesite, atolankhani, aphunzitsi ndi maloya, ndipo ena anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa Facebook. Apalestina ogwidwa ndi asilikali a Israel ku Gaza ali ndi lamulo lawolawo la mu 2002, limene mu Disembala 2023 linasinthidwa kuti munthu azitha kusungidwa masiku 75 asanaonane ndi woweruza. Lamulo limeneli ndi limene linasunga gogo wa zaka 82, wodwala matenda oiwalaiwala, kwa milungu ingapo m'ndende ya amayi, atalembedwa kuti ndi wankhondo. Ndipo mu Novembala 2024 nduna ya zachitetezo ya dziko la Israel, a Israel Katz, inalengeza kuti Ayuda okhala m'midzi yomangidwa ku West Bank sazitsekeredwanso mwa njira iyi, pamene kwa Apalestina a m'dera lomwelo palibe chinasintha.

Dzina limene linatchulidwa koposa ndi la Mayi Khalida Jarrar, amene anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Palestine mu 2006, ndipo ndi mtsogoleri m'chipani cha PFLP, chimene boma la Israel limachitcha cha zigawenga. Mayiwa alowa ndi kutuluka m'ndende kangapo. Kuyambira mu Julayi 2017 mpaka mu Febuluwale 2019 anakhala miyezi pafupifupi 20 popanda mlandu. Mu Julayi 2021, ali m'ndende pa chigamulo china, mwana wawo wamkazi Suha anamwalira mwadzidzidzi, ndipo pempho loti akaike nawo maliro linakanidwa, ngakhale kuti anali atatsala ndi miyezi iwiri yokha kuti atuluke. Anamangidwanso pa 26 Disembala 2023, popandanso mlandu, ndipo mu Ogasiti 2024 anasamutsidwira ku ndende ya Neve Tirza ku Ramla, kumene anaikidwa m'chitokosi cha okha mpaka pamene anamasulidwa mu Januwale 2025, pa mgwirizano wosinthana akaidi ndi anthu ogwidwa ndi Hamas, gulu la Apalestina la ku Gaza.

Okonza msonkhano anamata tepi pansi m'holo muja, kuyeza kukula kwa chitokosicho monga mmene maloya a Mayi Jarrar anachifotokozera: pafupifupi mamita 2 m'litali ndi mita 1.5 m'lifupi. Anatipempha kuti tizilowamo mmodzimmodzi. Nditalowa ndinatambasula manja, ndipo nsonga za zala zanga zinatulukira kunja kwa mizere mbali zonse ziwiri. Ndinayesa kuyenda, phazi lachitatu linali litaponda kale pa tepi. M'kachipinda kotero munalinso chimbudzi, munalibe zenera lolowetsa mpweya, ndipo mayi wa zaka zopitirira 60, wodwaladwala, ankagona pansi pafupi ndi chitseko kuti apume mpweya wolowera pa kampata ka kunsi. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela, amaletsa kusunga munthu payekha kupitirira masiku 15. Mayiwa anakhalamo miyezi 5. Titaonetsedwa chithunzi chawo cha tsiku lotuluka, tsitsi lonse litayera, m'holo munangoti zii.

Amayi ambiri amasungidwa ku ndende ya Damon, pa phiri la Carmel pafupi ndi Haifa, nyumba yakale imene inatsekedwapo mu 2000 chifukwa chosayenera kukhalamo anthu, kenako n'kutsegulidwanso. Ndendeyi ili mkati mwa Israel, ndipo pangano lachinayi la ku Geneva la mu 1949, m'ndime 76, limati anthu a m'dera lolandidwa pa nkhondo asungidwe m'dera lawo lomwelo. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale kale mayi wa ku Nablus kapena Hebron, mizinda ya ku West Bank, sankaona ana ake pokhapokha anawo atapatsidwa chilolezo cha asilikali, ndipo kuyambira mu Okutobala 2023 maulendo a abale analetsedweratu, a Red Cross nawonso anatsekeredwa kunja. Popita ku khoti akaidi amakwezedwa galimoto imene iwo amaitcha bosta, ya mipando yachitsulo, atamangidwa manja ndi miyendo, ulendo wa maola ambiri popanda kupita kuchimbudzi.

Za nkhanza zenizeni ndilemba mwachidule, chifukwa zina n'zolaula. Pa 19 Febuluwale 2024 akatswiri a United Nations, kuphatikizapo Mayi Reem Alsalem amene amaona za nkhanza zochitira amayi, analengeza kuti analandira madandaulo oti amayi ndi atsikana a ku Palestine amamenyedwa, amavulidwa ndi kusechedwa ndi asilikali aamuna, amaopsezedwa kuti agwiriridwa, ndipo amamanidwa chakudya, mankhwala ndi mapadi akakhala kumwezi. Boma la Israel linakana zonsezi. Koma mu Ogasiti 2024 bungwe la B'Tselem, limenenso ndi la ku Israel, linatulutsa maumboni a anthu 55 otuluka m'ndende, amuna ndi akazi, ofotokoza zofanana, ndipo mu Seputembala 2025 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma silikupereka chakudya chokwanira kwa akaidiwa. Inu amene mumasonkha sopo ndi mapadi mwezi ndi mwezi mukudziwa manyazi amene mayi amakhala nawo akasowa zimenezi. Malamulo a ku Bangkok a mu 2010, amene ndi a amayi okhaokha, amanena poyera kuti mapadi aziperekedwa kwaulere ndipo mayi azisechedwa ndi mayi mnzake.

Sindingabise kuti panali kusagwirizana. Nthumwi ina inafunsa chifukwa chimene sitikukamba za pa 7 Okutobala 2023, pamene a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel ndi kugwira ena pafupifupi 250, amayi ndi ana omwe, amene nawonso sanaonedwe ndi a Red Cross. Inanenanso kuti boma la Israel limati limatsekera anthu pofuna kuletsa ziwembu zisanachitike, ndipo limabisa umboni poteteza amene amalitsina khutu. Funsoli linali loyenera, ndipo palibe anayesa kuchepetsa zoopsa za tsiku limenelo. Loya uja anavomereza kuti pangano la ku Geneva limalola kutsekera munthu popanda mlandu, koma pokhapokha pali chifukwa chachikulu zedi cha chitetezo, munthu payekhapayekha, osati anthu zikwizikwi chaka ndi chaka. Ine ndinapatsidwa mpata wolankhula m'dzina lanu, ndipo ndinanena kuti gulu lathu silifunsa mayi chimene anachita tisanamupatse sopo, ndiponso kuti ngati pali umboni woti mayi wina akukonza zoipa, aimbidwe mlandu, aumve umboniwo, ayankhe. Ngati ndinalankhula mopitirira zimene munandituma, mundidzudzule pa msonkhano wathu.

Pali chinanso chimene ndikudziwa kuti chibuka pakati pathu. Ambiri a ife tinakula tikumva dzina la Israel m'tchalitchi, ndipo kudzudzula boma la dzikolo ena kumawawawa ngati kunyoza Malemba, pamene ena amaganiza kuti iyi ndi nkhani ya Asilamu okha. Mmodzi mwa amene tinamva za iwo ndi mtsikana wa mpingo wa Anglican ku Birzeit, amene asilikali anakamutenga kunyumba kwa makolo ake usiku mu Epulo 2024, ndipo anakhala miyezi 8 popanda mlandu ngakhale Akibishopu wa ku Canterbury anamupemphera poyera kuti amasulidwe. Sindikumutchula ngati kuti Mkhristu ndi woposa Msilamu, pakuti m'gulu lathu muli onse, koma kuti tidziwe kuti chikalata chija sichiyang'ana chipembedzo, chimayang'ana kuti munthuyo ndi Mpalestina.

Tsopano zimene ndikupempha kuti mugamule. Nthumwi zinagwirizana kuti aliyense akalembere boma la kwawo, ndipo ine ndikuona kuti kwa ife n'koyenera kwambiri, chifukwa dziko lathu lili pa ubale wolimba ndi Israel: linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu Epulo 2024, ndipo achinyamata athu akugwira ntchito m'minda ya kumeneko. Mawu a bwenzi amamveka mosiyana ndi a mdani. Kalatayo, yopita ku unduna woona za maubale a dziko lino ndi maiko ena, ipemphe zinthu zochepa zomveka: kuti a Red Cross ndi abale aloledwe kuona amayiwa, ndi kuti aliyense wosungidwa popanda mlandu aimbidwe mlandu kapena amasulidwe. Ndalemba kale poyambira, ndipo ndipereka kwa alembi kuti komiti ikonze. Ndikupemphanso kuti pa 17 Epulo, tsiku limene Apalestina amakumbukira akaidi awo, tidzakhale ndi mapemphero pamodzi, Akhristu ndi Asilamu.

Pempho lotsiriza ndi la kuno kwathu, ndipo linandibwerera nditaima mu tepi muja. Tikamayendera amayi a limandi, tiyambe kulemba m'kaundula tsiku limene aliyense anamangidwa ndi tsiku limene anaonekera ku khoti komaliza, kuti amene aiwalika tizikawanenera kwa othandiza pa zamalamulo. Ndabwera ndi makope 10 a malamulo a ku Bangkok, amene ali m'Chingerezi, ndipo ndikufuna amayi awiri oti tithandizane kumasulira ndime zofunika tisanapite ulendo wathu wa mwezi wamawa.

Ine nthumwi yanu.