Owulutsa za mpira aphunzire kwa Bill O'Herlihy

A Mkonzi,

Owulutsa nkhani za mpira pa kanema asiye kudzionetsa ukatswiri, atengere chitsanzo cha malemu Bill O'Herlihy wa ku kanema wa RTÉ, m'dziko la Ireland.

Mkuluyu anayambira utolankhani ku nyuzipepala ya Cork Examiner, ndipo mpaka pomwe anapuma ntchito mu 2014, World Cup itatha, luso lake linali kufunsa basi. Ankafunsa ngati wochemerera wamba wosadziwa kanthu, mwadala, kenaka n'kuwasiya alendo ake John Giles ndi Eamon Dunphy, osewera mpira akale, azikangana mpaka thukuta kamukamu. Ife owonera kunyumba tinkagona titamvetsa chomwe timu yaluzira.

Ambiri lero amalankhula kuposa alendo awo, mkangano ukangoyamba kukoma amaudula. Eni makanema alembe ntchito atolankhani odziwa kufunsa, awapatsenso mphindi zokwanira masewero akatha.

Wowerenga wanu,
Dublin