Alamu anga akufuna kope la mayina a yuniyoni

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Anandipezera ntchitoyi ndi alamu anga, achimwene awo a malemu amuna anga, omwe ndi kapitawo pomwepo. Tsiku lomwe tinkasesa maliro, iwowa ndi amene anaimirira n'kunena kuti ana a mng'ono wawo sadzagona ndi njala. Mawuwo anawasunga, ndipo sindingawanamizire.

Koma kuntchitoko zinthu zaipa. Mwezi ndi mwezi amatidula 5 peresenti ya penshoni, yomwe abwana amayenera kuikapo 10 peresenti yawo n'kutumiza. Mnzathu wina atasiya ntchito anakafunsa kumene amasunga ndalamazo, n'kukapeza kuti zaka ziwiri zathunthu sikunalowe ngakhale tambala. Za ovataimu ndiye musachite kufunsa. Lamulo limati maola 48 pa sabata, koma ife timaweruka kutada, Loweruka lomwe, ndipo pa malipiro sipaoneka kanthu.

Ndiye tinalowa yuniyoni. Kope la mayina a mamembala anapatsa ine kuti ndizisunga, akuti ndimalemba zooneka bwino komanso sindine wamkamwa. Madandaulo tinakatula ku leba, anatikhazika pansi ndi mabwana, koma sizinaphule kanthu. Pano anzanga agwirizana zopereka chidziwitso cha masiku 7 kuti tinyanyale ntchito.

Lamulungu lapitali alamu anabwera kunyumba atasenza thumba la ufa. Titatha kudya, ana atatuluka, anandiuza motsitsa mawu kuti abwana akudziwa kuti kopelo lili ndi ine. Akuti ndingowabwereka usiku umodzi, m'mawa abweza, ndipo dzina langa silidzatuluka. Ndikakana, nawonso ntchito yawo ili pachiswe, poti ndi amene anandibweretsa. Sanandiopseze ayi, ankachita kupempha, maso ali pansi. Bola akanakalipa, Azakhali, ndikanapeza poyankhira.

M'kopemo muli amayi omwe timadyera limodzi chinangwa pa buleki, amene anandisonkhera mwana wanga atagonekedwa m'chipatala. Ndikapereka, ndisanduka kapirikoni, ndipo ku Ndirande nkhani zotere sizigona. Ndikakana, akuchimuna adzati mkamwana wosayamika wachotsetsa ntchito munthu amene akulera ana amasiye.

Sitirakayo nayo ikundidetsa nkhawa. Chisinthireni lamulo mu 2021, abwana ali ndi mphamvu yosatilipira tikapyola masiku atatu pa chaka tikunyanyala. Lendi sidikira, ndipo wamkulu wanga ali Fomu 4. Bambo anga anaona nawo sitiraka ya mu Meyi 1992 muno mu Blantyre, pomwe anthu anaomberedwa, ndipo mpaka lero akamva mawu oti sitiraka amangopukusa mutu. Iwo akuti nditule pansi udindowo, ndikhale chete.

Atsogoleri athu amati gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limatilola kulowa yuniyoni, ndipo wochotsedwa pa chifukwa chimenechi akhoza kukasuma ku bwalo loona milandu ya zantchito. Chabwino, koma podikira mlanduwo ana adzadya chiyani? Nanga ndiwauze anzanga kuti kopelo likufunidwa, podziwa kuti ndikatero alamu anga ndawaika pamoto?

Ufa uja sindinautsegule. Alamu ati abweranso Lachisanu madzulo. Ndiwayankhe kuti chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
Ndirande, Blantyre